Ambulera Yofiira ya a Imakaye

Dzina loti a Imakaye si la pa chiphaso ayi. Anawapatsa ndi madalaivala, anthu opanda ulemu aja. Munawaonapo anthu amene amaima pamene akukonza msewu, mbali imodzi atatseka, galimoto zonse n'kumadutsa mosinthana mbali yotsalayo? Kuno kumaima munthu, uko kumaimanso munthu, aliyense ndi mbendera yofiira ndi chikwangwani cha pamtengo, kumaso cholembedwa kuti imani, kuseri kuti pitani. Eya, a Imakaye anali mmodzi wa amenewo.

Iwotu pa kampaniyo analowa ali mnyamata, tsitsi lili bii, maloto ali oti aphunzira kuyendetsa zimashini. Tsiku loyamba akapitawo anawapatsa mbendera n'kunena kuti, "Tagwirani kaye iyi, za zimashini tiona." Kugwira kaye kumeneko imvi zinawapeza akadagwirabe. Dzuwa linawawotcha mpaka khosi ngati chikopa cha nsapato, fumbi linamanga nyumba m'nsidze zawo, ndipo dzanja lamanja linazolowera kukwera lokha. Njinga ikangotulukira pakona, ngakhale tsiku lopuma, dzanja lija lili kale m'mwamba. Akazi awo amati kutulo komwe anaimitsidwapo kangapo ndi chigongono.

Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi basi, loti ngakhale mbuzi ingalisunge: usatembenuze chikwangwani chako mpaka galimoto yomaliza yochokera uko itakudutsa, ndipo mnzako wakweza mbendera kusonyeza kuti kwake watseka. Mnzawo wa a Imakaye anali mayi wina wa mawu ngati hutala, amene onse ankangomuti Atsidya. Zaka zonsezi awiriwa sanagundanitseko ngakhale wilibala. Kunena chilungamo, bamboyu ntchito yake ankaidziwa. Kungoti sankakonda kuitchula.

Ankakhala m'zipinda ziwiri za lendi, kuseri kwa nyumba ya alandilodi, pamzere wa makomo oyang'ana mpopi umodzi. Akazi awo ankaluka tsitsi pakhonde. Mwana anali mmodzi, wamkazi, wobwera mochedwa anthu atasiya kale kufunsa, wa mphuno yaing'ono yozungulira, n'chifukwa chake ankamuti Kabatani. Anali ku sukulu ya mkaka. Bambo ake akamalowa pageti madzulo, iye ankathamanga n'kudzawagunda m'miyendo ngati mpira, ndipo a Imakaye ankaiwala madalaivala onse amene awatukwana tsiku limenelo.

Sukulu zitatsekera tchuthi cha kumapeto kwa chaka, alandilodi anagulira mwana wawo chidole cholira ukachifinya pamimba. Mwana ameneyu anali msinkhu umodzi ndi Kabatani, ndipo ankamuti Wailesi, poti chimene waona m'mawa, masana chafika kale pamsika. Chidolecho chinalira pabwalo lonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, Kabatani akungochitsata ndi maso. A Imakaye zinawalasa.

Mawa lake pobwera kuntchito anaima pa mkulu wina woyala mabuku akale pa chiguduli m'mbali mwa msewu. Pakati pa mabuku a masamu opanda zikuto panali buku lachikasu la masamba olimba ngati katoni. Mkati monse munali zimashini: buludoza, giredala, tipa, chimashini chotsendera phula, ndi chokumba cha mkono wautali chija. Zonse zinali ndi maso ndi mano, zikumwetulira, zitamangiriridwa mabaluni, zikuthamangira kumaliza msewu kuti basi yodzaza ana ipite kutchuthi. Mawu ake anali m'chilankhulo chimene a Imakaye amachidziwa moni yekha, koma anati zilibe kanthu, zithunzi sizifuna sukulu. Ngodya ya m'munsi ya bukulo inali yotafunidwa. Mwini wake woyamba ayenera kuti ankamera mano.

Kabatani atalilandira sanakuwe. Anangolikumbatira n'kukhala pansi pomwepo. Atadya, anakwera pamiyendo pa bambo ake, ndipo iwo anayamba kupeka nkhani yawoyawo, akulira ngati injini, "Grrrr, vuuu," mpaka malovu kugwera pa tsamba. Pa zimenezi ndiye anali katswiri, poti zimashini zimenezi anazionera pafupi moyo wawo wonse.

Kenaka mwana uja anatembenuka n'kuwayang'ana m'maso.

"Adadi, inu chanu ndi chiti?"

Pangodya ya tsamba lililonse panali kamunthu. Kanali kakang'ono ngati chala cha mwana, kataima ndi kambendera kofiira, katatembenuzira msana kwa owerenga. Zimashini zonse wojambula anazipatsa nkhope, koma kamunthuko ayi. Miyendo yake n'kuti itadyedwa kale ndi mwana womera mano uja. Chala cha a Imakaye chinanyamuka bwinobwino kulowera kungodyako. Chili m'njira chinazengereza, chinakhota, n'kukatera pa chimashini chokumba, chachikulu kuposa zonse.

"Ichi."

"Eee! Chachikuluchi?"

"Chomwechi."

Akazi awo, amene ankachotsa tsitsi m'chipeso, anasiya. Anadikira mwana atalowa kuchipinda ndi buku lake.

"Bambo a Kabatani, mwakwezedwa liti pantchito? Ife osatiuza bwanji, tikanavala zabwino?"

"Aaa, inunso. Ndi mwana uyu, mawa aiwala."

"Ameneyu? Mpaka lero amandifunsa switi imene munamulonjeza asanayambe kuyenda."

Sanaiwale. M'mawa mwake Kabatani anauza Wailesi, ndipo Wailesi anagwira ntchito yake. Dzuwa lisanafike pamutu, chidole cholira chija chinali chitatayidwa pansi pa mpopi, ana onse ali pamzere kudikira kuona chimashini cha adadi ake a Kabatani. Mwini buku ndiye ankasankha woti atsegule tsamba, ndipo wa m'manja mwakuda ankabwezedwa kukasamba.

Akuluakulu a pabwalopo ankadziwa bwino ntchito ya a Imakaye. Koma ndani angaphe nkhani yokoma chonchi? Anangoisamala ngati dzira.

"Adalaivala, mwadzuka bwanji? Dzenje la zinyalala ladzadzatu. Tabwerani nacho chija madzulo, mungotikumbirako kamodzi."

"Adalaivala, kodi chimenechi mumachiimika kuti, poti timakuonani mukuyenda wapansi?"

A Imakaye ankangoseka kaphwete kouma, makutu akutentha, n'kumafulumira kupita pageti.

Vuto lina linali mbendera. Mbendera ankapita nayo kunyumba, chifukwa ukaisiya kuntchito anzako amaisandutsa chopukutira mafuta. Kale ankangoiponya kuseri kwa chitseko. Tsopano anayamba kuikulunga pa kamtengo kake n'kuilowetsa m'kathumba kakuda ka ambulera imene inathyoka kalekale. Kabatani atafunsa, anamuuza kuti ndi ambulera ya kuntchito, yosagwiragwira. Ndiye tsiku lina kunagwa chimvula iwo akutuluka. Mwana anaima pakhomo akukuwa, "Adadi, tsegulani ambulera! Adadi, mwanyowa!" Iwo anangoyenda ngati sakumva, madzi akutsika mu kolala, ambulera ili m'khwapa. Amayi a pamzere anaseka mpaka wina anakhala pansi m'matope.

Mafunsonso sankatha. Mumakwera bwanji? Mukafuna kukodza mumatani? Chimagona kuti? Pofuna mayankho, a Imakaye anayamba kumazungulira dalaivala weniweni wa chokumba pa nthawi yopuma. Ameneyo anali kamnyamata ka ndolo kukhutu, kamene kanabadwa iwo atagwira kale mbendera.

"Achimwene, kodi ndodo ya kumanzereyo ndi imene imatembenuza?"

"Bwanji madala, mukufuna mundilande ntchito?"

"Ayi, kungofuna kudziwa."

Madzulo ankabwereza zonse kunyumba, atakhala pa mpando, manja ali pa ndodo zosaoneka, Kabatani ali pamiyendo. Kunena zoona, nthawi zimenezo zinkawakomera. Manyazi ankabwera pambuyo, akamatsuka m'kamwa, pagalasi n'kuona nkhope ya munthu wa mbendera.

Tsiku limene zinaphulika, akazi awo anaitanidwa kukaluka tsitsi mbali ina ya tawuni. Anatenga Kabatani, ndipo Wailesi anakakamira kupita nawo mpaka mayi ake anamulola. Msewu wa masiku onse unali utadzaza madzi, ndiye dalaivala wa minibasi anakhotera njira ina, yomwe ija ankaikonza a kampani.

A Imakaye n'kuti atangotseka mbali yawo. Anakweza mbendera, Atsidya anayankha n'kutsegula kwawo. Galimoto za kuno zinayamba kuima pamzere: kagalimoto koyera, lole ya mabotolo, kenaka minibasi. Iwo anaponya maso mwachizolowezi. Pawindo la minibasi panali buku lachikasu, litatsamizidwa pagalasi. Pamwamba pa bukulo panali kamphuno kozungulira, kakufunafuna chimashini chokumba.

A Imakaye anakokera chipewa m'maso, nsalu yotchingira fumbi anaikweza mpaka pansi pa zikope, n'kuyesa kubisala kuseri kwa chikwangwani. Koma munthu wamkulu sangabisale kuseri kwa mbale ya pamtengo. Mumtima ankangoti, minibasi iyi ikaima pano nthawi yaitali, mwana andiona. Ingodutsa. Ingodutsa msanga.

Ndiye kondakitala anatulutsa mutu pakhomo.

"A Imakaye! Tatsegulani madala, tachedwa ife!"

Dzina lija litamveka, dzanja linachita zake. Chikwangwani chinatembenuka. Pitani.

Kagalimoto koyera kanalowa, lole ya mabotolo pambuyo. Ndipo kuchokera uko, m'kanjira komweko, kunkabwera tipa yodzaza miyala, ikutsogolera mzere wautali wa galimoto za Atsidya. Mabuleki analira. Mabotolo anaimba nyimbo. Kagalimoto koyera ndi tipa zinaima mphuno ndi mphuno, mpata wake wongokwana nyuzipepala. Palibe anavulala, koma palibenso akanatha kusuntha. Kumanzere kunali ngalande yokumbidwa kumene, kumanja phula lotentha, kumbuyo galimoto zitadzaza kale mbali zonse ziwiri. Mahutala anayamba. Mawu a Atsidya ankamveka pamwamba pa mahutala onsewo, akufunsa ngati a Imakaye apenga.

Nanga minibasi ija? Inangoyenda pang'ono n'kuima. Inaima ndendende pamene panali a Imakaye, windo lija lili pafupi moti akanatha kulipukuta ndi mbendera.

Akapitawo anafika akuthamanga, mimba ili patsogolo.

"Ndani watsegula kuno? Inu? Tachotsani chinsanzacho kumaso ndikamayankhula nanu!"

Anachikoka okha. Nkhope yonse inakhala poyera.

"Bambo wamkulu ngati inu! Ntchito yake yongotembenuza chikwangwani basi! Kutembenuza chabe! Mwana wa ku sukulu ya mkaka tingamupatse, aigwira bwinobwino. Tikanakupatsani chimashini si bwenzi mutagwetsa tawuni yonse?"

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, chokumba chimene chinkagwira ntchito chapafupi chinazimitsidwa. Chitseko chake chinatseguka, n'kutuluka kamnyamata ka ndolo kaja. Kanadziwongola, kanamwa madzi a m'botolo, kanayang'ana chipwirikiti chonsecho kali pamwamba, n'kuseka.

"Madala! Zija munkafunsa za ndodo ya kumanzere, bwanji osayamba mwaphunzira yanuyo?"

Windo la minibasi linali lotsegula pang'ono. Wailesi anakanikiza nkhope yake pampatapo.

"Eee! Kabatani, si adadi ako awo? Taona, agwira ambulera ija! Si ambulera, ndi kansalu!"

A Imakaye anayang'ana mwana wawo. Mwana anawayang'ana. Anayang'ana chipewa, anayang'ana mbendera, anayang'ana kamnyamata kali pamwamba pa chimashini, kenaka anabwereranso pa nkhope yawo. Iwo ankadikira kulira. Kulira akanakupirira.

Kabatani sanalire. Anatsitsa buku n'kuliika pamiyendo chafufumimba.

"Ayi," anatero. "Angofanana. Adadi anga akukumba kwina."

Ananena mofatsa, mosaphethira, ndi mawu omwe aja bambo ake ananenera kuti, "Ichi." Kenaka anayang'ana kutsogolo, kumsana kwa dalaivala. Mayi ake anali atazyolika, akuyang'ana zala zawo za kumapazi ngati aziona koyamba.

Kumasula mfundo imeneyo inali ntchito ya a Imakaye omwewo. Anayenda chobwerera m'mbuyo, akukupiza mbendera, kubweza galimoto imodziimodzi, dalaivala aliyense akuwapatsa mawu ake owasungira. Minibasi ija anaibwezanso okha, ataima kutsogolo kwake, akukodola ndi manja onse awiri. Itadutsa pomaliza, pawindo panalibe buku, panalibe mphuno.

Akapitawo sanawachotse ntchito. Anangoti, "Mawa mubwere ndi mutu wanu, lero munausiya kunyumba." A Imakaye anaona ngati kuchotsedwa kukanakhala bwino, bola akanakhala ndi china choti adandaule nacho.

Pobwerera anayenda ngati nsapato zadzaza simenti. Anaima pa mkulu wa mabuku uja osagula kanthu. Anaonerera anthu akukonza tayala la njinga mpaka kumaliza. Atalowa pageti dzuwa likulowa, anapeza kuti Wailesi waulutsa kale zonse. Anadziwira poti palibe anawatchula kuti adalaivala. Amayi a pa mpopi anangoti, "Mwaswera," n'kuweramira zidebe zawo. Chipongwe chinali bwino kusiyana ndi chisoni chimenecho.

Palibe anathamanga kudzawagunda m'miyendo.

M'nyumba, akazi awo anangoti, "Madzi ali kubafa." Kabatani anali pakona, akuvula ndi kuvalanso nsapato imodzi. Anawapatsa moni waulemu, wonga wopatsa mlendo wobwera kudzaona mita ya magetsi. Buku lija linali pansi pa tebulo.

A Imakaye sanapite kubafa. Anagwada, anatola bukulo, n'kukhala pansi pafupi ndi mwanayo, fumbi lonse lili m'thupi. Anatsegula tsamba la chimashini chokumba. Ulendo uno chala chinayenda osakhota, mpaka pangodya yotafunidwa, pa kamunthu kopanda nkhope.

"Mwanawe, ine ndi uyu."

"Ndikudziwa."

"Ndinakunamiza. Chimashini chija sindinachikwerepo, ngakhale kukhala pa mpando wake."

Kabatani anakanda kamunthu kaja ndi chikhadabo. Kenaka anayandikira khutu la bambo ake n'kunong'ona, ngati munthu wothandiza mnzake pamavuto.

"Wailesi ndamuuza kuti sanali inu. Mawa muzidzera kuseri kwa bafa, asakuoneni. Ambulera ija muziibisa m'malaya."

A Imakaye anatseka bukulo. Akazi awo, amene anamva zonse, anaika mbale patebulo mwamphamvu.

"Mwamva? Sukulu yanu imeneyo, aphunzitsi. Mwana wakhoza bwino, nambala wani. Muombereni m'manja."

Chakudya chinawakanika. Kutukwanidwa ndi akapitawo pamaso pa tawuni yonse kunali kutaiwalika kale. Chimene chinawapweteka n'choti kamwana kosatha n'kumanga zingwe za nsapato kaphunzira kuchita manyazi ndi bambo ake, kaphunziranso kuwabisa, ndipo wokaphunzitsa ndi iwo.

M'mawa kunali mitambo. Njira ya kuseri kwa bafa ilipodi, yodutsa pa mpanda wothyoka n'kutulukira m'ngalande. A Imakaye anaima pakhomo nthawi yaitali ndithu, akuiyang'ana. Kenaka anasolola mbendera m'kathumba kaja, kathumbako anakasiya pa mpando, n'kutambasula nsalu yofiira ija. Inali yothimbirira, yong'ambika kumapeto. Anaiika paphewa n'kulowera pakati pa bwalo, pamene panali mpopi, amayi, zidebe ndi ana onse a pamzere.

Musaganize kuti anayenda ngati msilikali. Makutu ankayaka, maso ali pansi ngati ataya singano.

Wailesi ndiye anayamba, mswachi uli m'kamwa.

"Ndi omwe aja! Ndinanena ine! Kabatani, tabwera udzaone, ndi omwe aja a kansalu!"

Kumbuyo kwawo kunamveka timapazi. Anatembenuka. Kabatani anali atanyamula kathumba kakuda kaja, akuwapatsira ndi manja awiri, maso akuwachonderera.

"Adadi, mwaiwala ichi."

"Sindinaiwale, mwana wanga. Si ambulera iyi. Ndi mbendera yanga ya kuntchito. Ndimaimitsira galimoto."

Ananena mokweza kuti ndi pa mpopi pomwe amve, ngakhale mawu anatuluka opyapyala ngati a tambala wachimfine. Kabatani anangoima, kathumba kali m'manja. Sanawakumbatire. Iwo anadikira pang'ono, kenaka anatembenuka n'kupitiriza, poti Atsidya sadikira munthu.

Atagwira chitseko cha geti, anamva Wailesi kumbuyo, mawu ali pamwamba kuti aliyense amve.

"Adadi ako ndi abodza!"

Mayi wina anatseka mpopi kuti amve bwino.

"Eya, ndi abodza," anayankha Kabatani, mawu ali ndi misozi. "Nanga ndi ako? Ndi adadi anga!"

Kenaka kunamveka phaa, kathumba ka ambulera katatera pamutu pa munthu, Wailesi n'kuyamba kulira mokweza kuposa chidole chake, amayi awiri akuthamangira kukaleretsa.

A Imakaye sanacheuke. Anatuluka pageti, nkhope ikuwatentha, osadziwa ngati aseke kapena alire. Mawu oti abodza aja anawatsatira mpaka pakona, koma ena aja anawatsatiranso. Asanafike pamsewu waukulu mvula inayamba, yamadontho akuluakulu. Anayesa kudzifunditsa mbendera pamutu, koma kansalu kameneko sikatchinga kanthu, ndipo anafika kuntchito atanyowa mpaka m'masokosi.